WOKODWA NDI CODEINE NDI WODWALA, APITE KU CIPATALA

Botolo la mankhwala a cifuwa silioneka loopsa. Koma ena mwa mankhwala amenewa ali ndi codeine, amene ciwindi cimasandutsa morphine, m'bale wace wa heroin. Mnyamata amene amamwa botolo lotere popanda cifuwa akusewera ndi bongo wace, ndipo makolo a ku Kapata, Mchini ndi Nabvutika muno mu Chipata ayenera kudziwa cimene cimacitika m'mutu mwace.

M'caka ca 1973, akatswiri awiri a ku America, Candace Pert ndi Solomon Snyder, anaonetsa kuti mu bongo muli timalo tating'ono tochedwa ma receptor, pamene morphine amafikira. Timalo timeneti tili ngati makutu. Nchito yace ndi kumva mankhwala ocepetsa ululu amene thupi limapanga lokha, monga anatulukira John Hughes ndi Hans Kosterlitz ku Aberdeen mu 1975.

Munthu wokhala pafupi ndi cigayo amaleka kumva phokoso lace. Ndi mmenenso bongo umacitira. Codeine kapena heroin akamafika tsiku ndi tsiku, makutu aja amagontha, ena amabisala m'kati. Botolo limodzi silikwananso, munthu amafuna awiri. Tsiku limene wasowa, thupi limapanduka: thukuta, kutsegula m'mimba, kusanza, kuphwanya m'mafupa ndi kusowa tulo. Pamenepo samweranso kukondwa ai, koma kuthawa ululu.

Cifukwa cace, kumenya mwana wotere kapena kumtsekera m'nyumba sikucilitsa. Ndipo pali ngozi ina imene ambiri saidziwa. Munthu akaleka kwa masabata angapo, kaya ali kumudzi kaya m'ndende, makutu aja amayambanso kumva. Akabwerera ku muyeso wace wakale, mankhwala amagwira mbali ya bongo yoyendetsa mpweya, kupuma kumacepa, ndipo angathe kufera m'tulo. Wopezeka atakomoka, akupuma pang'onopang'ono, athamangitsidwe ku cipatala msanga, pakuti kuli mankhwala ochedwa naloxone amene amacotsa morphine pa timalo tija.

Boma linakhazikitsa Drug Enforcement Commission mu 1989, ndipo mu 2021 linakonza lamulo latsopano la mankhwala osokoneza bongo. Lamulolo ligwire mwamphamvu ogulitsa mwakuba ndi olowetsa katundu wotere mozemba pa malire, monga a Mwami. Koma wokodwa kale afunika dotolo. Makolo asacite manyazi kupita naye ku Chipata Central Hospital, kumene angathandizidwe kapena kutumizidwa ku Chainama mu Lusaka.

Izi sizitanthauza kuti morphine ndi mdani. Wodwala khansa amene dotolo wamlembera asaope kumwa. Coipa ndi kumwa popanda matenda ndi popanda muyeso.

Bongo umene unasintha pang'onopang'ono umaciranso pang'onopang'ono, ndipo ambiri amagwa kangapo asanaime. Banja lisataye mtima pa kugwa koyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.