Musamadule kadontho kakuda ndi lezala

Anthu ambiri amanena kuti khansa ya pakhungu ndi matenda a azungu, ife akhungu lakuda sitidwala. Ine ndimakana. Bob Marley, woimba reggae uja wa ku Jamaica, anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 36 chifukwa cha melanoma, khansa yomwe inayambira kunsi kwa chikhadabo cha chala chake chachikulu chakuphazi. Poyamba inkaoneka ngati bala la mpira basi.

Melanoma imayambira m'maselo otchedwa melanocyte, omwe amapanga melanin, utoto wa khungu. Azungu ndi ife tili ndi maselowa ochuluka pafupifupi mofanana, kungoti athu amapanga melanin wambiri. N'zoona, melanin amatiteteza ku dzuwa ndipo khansayi siichitikachitika kwa ife. Koma ikabwera imakonda pansi pa phazi, pachikhatho ndi kunsi kwa zikhadabo. Ndani wa inu amayang'anako pansi pa phazi lake posamba?

Maselowa akaunjikana malo amodzi amapanga kadontho kakuda. Timadontho tambiri n'tosavulaza, koma pali tina toti ngakhale dokotala waluso sangatsimikize ndi maso okha. Amadula kachikopa n'kukatumiza ku labotale. Kumeneko amakaviika mu formalin kuti kasawole, amakaumitsa m'phula longa la kandulo, kenako makina otchedwa microtome amakasenga tizidutswa topyapyala mamaikulomita pafupifupi 4. Tsitsi lanu limodzi ndi lonenepa kuposa pamenepo maulendo oposa 10. Akathira utoto wa haematoxylin ndi eosin, ma nucleus amaoneka apepo, mbali zina zapinki.

Apa ndi pamene pamandisangalatsa. Pa maikulosikopu, kadontho kabwinobwino kali ndi dongosolo: maselo amakhala m'timagulu tofanana, ndipo akamatsikira mkati mwa khungu amacheperachepera. Mu melanoma muli chipwirikiti. Maselo ena aakulu, ena aang'ono, ena akukwera m'mwamba momwe sayenera kupezeka, ena akugawikana mkati mwenimweni. Katswiri amayezanso kuya kwa chotupacho m'mamilimita, njira yomwe Alexander Breslow anafotokoza mu 1970. Chikakhala chosafika milimita 1, ambiri amachira akachichotsa. Chikapitirira mamilimita 4, mwayi woti chafalikira kale umakhala waukulu. Mamilimita 4 okha, aise, onani pa rula yanu.

N'chifukwa chake zimandiwawa ndikamva kuti wina wadula kadontho ndi lezala, kapena wakawotcha ndi mankhwala ngati njerewere. Wachotsa pamwamba pokha, maselo oipa atsala mkati, ndipo umboni womwe katswiri akanaupima wapita kudzala. Mwina mukuti chipatala chili kutali ndipo zotsatira zimachedwa. Sindikutsutsa, akatswiri opima khungu motere ndi ochepa kwathu kuno. Komabe kudikira milungu ingapo n'kwabwino kuposa kusadziwa n'komwe.

Kadontho kakayamba kukula, kusintha mtundu, kutuluka magazi kapena kusanduka bala losapola, makamaka pansi pa phazi la agogo omwe sangathe kudziona okha, uzani akuluakulu kunyumba apite nawo kuchipatala kadonthoko kasanakhudzidwe ndi lezala.