CIFUNDO COSANKHA NKHOPE

Pali malonda ena atsopano amene makolo akale sanawadziwe, ndiwo malonda a nkhope. Mabungwe ambiri acifundo a ku Ulaya ndi ku America, pofuna kusonkhetsa ndarama zothandizira osauka a kuno ku Africa, amagwiritsa nchito wailesi ya kanema. Ndipo munthu wokonza kanema sayamba ndi kufunsa kuti wobvutika koposa ndani. Iye amayamba ndi kufunsa kuti ndani amene adzakomera maso a anthu okhala pa mipando yawo madzulo, atakhuta, kuti asatseke kanemayo. Cotero pa cithunzi ciri conse copempha ndarama pamafunika nkhope ziwiri zosankhidwa: ya mlendo wochuka, woyimba kapena wosewera, wa mano oyera ndi tsitsi lopesa bwino, ndi ya mwana wosauka woti mlendoyo amnyamule.

Mwanayo sangotoledwa pa bwalo monga momwe wapezekera. Ayenera kukhala wamng'ono, wa maso akuru, wooneka wacisoni koma wosanyansa. Akakhala ndi zipere m'mutu kapena mamina pa mlomo, woonera adzatembenuza nkhope. Akakhala wonenepa ndi woseka-seka, woonera adzati njalayo njabodza. Tsono afunika wa pakati, wokongola koma wanjala, monga momwe munthu amasankhira nkhuku yopatsa mlendo. Ana ena onse a m'mudzimo, amene m'mimba mwawo mukulira cimodzi-modzi, amauzidwa kuti aime kuseri kwa nyumba ndi kukhala cete.

Izi si nkhambakamwa, pakuti anthu ophunzira anaziyesa. M'caka ca 2007 Deborah Small, George Loewenstein ndi Paul Slovic anasindikiza zimene anapeza ku America. Anapatsa anthu madola 5 ali yense, nawapempha kuti apatuleko zina za bungwe la Save the Children. Ena anawawerengetsa za ana mamiliyoni a ku Malawi osowa cakudya ndi za cimanga ca ku Zambia cimene cinapsa ndi dzuwa. Ena anawaonetsa cithunzi ca kamtsikana kamodzi ka zaka 7 ka ku Mali. Amene anaona kamtsikanako anapereka ndarama zocuruka kawiri kuposa amene anawerenga za Malawi ndi Zambia. Ndipo codabwitsa ncakuti pamene anaphatikiza cithunzico ndi ziwerengero zija, zopereka zinatsika. Maiko awiri athunthu analemera pang'ono pa sikelo kusiyana ndi nkhope imodzi.

Ena anayesa mbali ya wopemphayo. John List ndi anzace anatuma acinyamata kukagogoda pa makomo ku North Carolina kupempha zopereka, ndipo m'caka ca 2006 analengeza kuti atsikana okongola ankabwera ndi ndarama zambiri, maka-maka pa makomo pamene wotsegula citseko anali mwamuna. Mu 2015 enanso anafufuza za Kiva, bungwe limene limaika pa intaneti zithunzi za anthu osauka ofuna ngongole zazing'ono, napeza kuti okongola, oyera khungu ndi osanenepa ankalandira ngongole zawo msanga kuposa anzawo. Mai wakuda bii wogulitsa tomato amadikira, pamene mnzace woyererako wapita kale kukaoda katundu. Amene amati cifundo ciribe maso sanaone mabuku a ndarama.

Tsono owerenga aganizire mudzi wa Kavalamanja, kuti aone ngati uli ndi nkhope yogulitsika pa msika wotere. Mudziwu uli m'mbali mwa Zambezi, m'boma la Luangwa limene kale linkachedwa Feira, ca kumtunda kwa malo amene Luangwa amathira m'Zambezi. Pa mathiriro amenewo ndi pamene dziko la Zambia linatsikitsitsa, mamita 329 okha pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo kutentha kwace kwa mwezi wa October sikufuna umboni. Tsidya la Luangwa kuli Zumbo wa ku Mozambique, tsidya la Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Wocokera ku Lusaka ayenera kutsata mseu waukuru wa kum'mawa kufikira pafupi ndi mlatho wa Luangwa, ndi kukhotera kumwera mtunda wa makilomita ngati 90 asanafike pa boma, ndipo Kavalamanja akali patsogolo. Anthu a m'cigwaci amadya za m'madzi, amaluka mphasa, amatola masau ndi malambe, ndi kulima timinda timene njobvu ndi mvuu zimakolola mwini wace asanalawe.

Kodi wobvutika kumeneko amaoneka motani? Ndi nkhalamba yopanda mano imene ikulera adzukulu anai. Ndi msodzi amene ng'ona inamsiya ndi mkono umodzi. Ndi mai wa miyendo yotupa amene cipatala ca Katondwe camtalikira. Khungu lawo linauma ndi dzuwa la m'cigwa, zobvala zawo zimanunkha utsi woyanikira nsomba, ndipo palibe woyimba wa ku London amene angamnyamule msodzi uja pa cifuwa kuti ajambulitse. Pamene President Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February 2024 kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse, cimanga ca mahekitala pafupi-fupi miliyoni imodzi citauma m'minda, njalayo sinayambe yayang'ana pa kalilole. Inalowa m'nyumba ya wokongola ndi ya wonyansa, koma inakhalitsa m'nyumba ya wokalamba, amene alibe mphamvu yokagwira ganyu kapena yopalasa bwato.

Mudziwu si wosadziwika. Pa 6 March 1978 asilikari a Ian Smith anaoloka Zambezi ndi ndege zawo kudzaphwanya msasa wa ankhondo a ZIPRA umene unali pa Kavalamanja. Anafa ankhondo a ZIPRA, anafa asilikari a Zambia, ndipo eni mudzi anathawira ku chire kusiya nkhokwe zawo. Cifukwa ca tsiku limenelo akuru-akuru a Zambia ndi Zimbabwe akhala akubwera m'mwezi wa March kudzakumbukira akufawo, ndipo ojambula amabwera nawo. Nkoyenera kutero. Koma mlendo ndi mame: pofika masana a tsiku lotsatira pfumbi la magalimoto latha, ndipo ana amene anabadwa m'caka ca nkhondoyo tsopano ali ndi imvi. Msinkhu wawo wokomera kanema unapita pamene kunalibe wowajambula.

Otsutsa ali ndi yankho lawo, ndipo si lopepuka. Iwo amati: ndarama zikubwera kodi, kapena sizikubwera? Mu October 1984 Michael Buerk wa BBC ndi wojambula Mohamed Amin anaonetsa dziko lapansi njala ya ku Korem m'dziko la Ethiopia, ndipo pa 13 July 1985 oyimba anasonkhana ku London ndi ku Philadelphia pa Live Aid, nasonkhetsa mapaundi mamiliyoni ambiri. Comic Relief, bungwe la ku Britain limene linayamba m'caka comweco, pofika 2015 linali litasonkhetsa mapaundi opitirira biliyoni imodzi. Amatinso ndarama zobwera cifukwa ca mwana wokongola sizipita kwa iye yekha. Zimalowa m'thumba limodzi, ndipo nkhalamba nayo imadyako. Nyambo ikakhala yabwino, mudzi wonse udya nsomba.

Mau amenewa ali ndi coonadi cace, koma amabisa zinthu ziwiri. Coyamba ncakuti nyambo imalamulira kumene mbedza iponyedwe. Bungwe limene laphunzira kuti ana aang'ono ndiwo abweretsa ndarama lidzacurukitsa nchito za ana aang'ono, cifukwa caka camawa lidzafunanso zithunzi. Limene laphunzira kuti mlendo wochuka ali ndi masiku atatu okha lidzaika nchito zace pafupi ndi bwalo la ndege ndi hotela yabwino. Cimbudzi, mlatho wa pa kamtsinje, mpanda woletsa njobvu, mankhwala a munthu wodwala misala: zonsezi ziribe maso akuru ogwetsa misozi, ndipo zimatsalira m'mbuyo pa mndandanda. Palibe mkuru wa bungwe amene anakhala pansi nanena kuti a Kavalamanja afe. Kungoti njira yace yopezera ndarama simfikitsa kumeneko.

Caciwiri ndi cimene cimatsala m'mitu ya oonera. Munthu wa ku Ulaya amene waona ana a mimba zotupa caka ndi caka kuyambira ali mwana amakula akudziwa kuti Africa ndi dziko la ana opanda makolo, lodikira mzungu. Saona mai ace a mwanayo, amene anayenda ndi mtolo wa mphasa kukasinthitsa ndi ufa, cifukwa maiyo anamuimika kunja kwa cithunzi kuti mlendo aoneke ngati ndiye mpulumutsi. Ndipo mwanayo, kodi anamfunsa ndani? Kamtsikana kena ka ku Ethiopia, Birhan Woldu, kanajambulidwa mu 1984 kali pafupi kufa, ndipo nkhope yace inaonetsedwa pa Live Aid. Anacira, naphunzira, ndipo mu July 2005 anamtengera ku London pa Live 8, namuimika pa nsanja pamaso pa khamu, atagwirana dzanja ndi Madonna. Anthu analira ndi cimwemwe poona kuti wakula wokongola. Nkwabwino kuti anacira. Koma acikhala kuti anakula wopunduka ndi wa zipsera, kodi akanamkweza pa nsanjapo?

Madonna yemweyo ndiye anapereka citsanzo ca pafupi. Mu 2006 anafika ku Malawi natenga mwana wamwamuna pa nyumba ya ana amasiye ku Mchinji, ndipo atolankhani a dziko lonse lapansi anathamangira kumeneko ngati nchenche pa bango la nzimbe. Bungwe lace la Raising Malawi linalonjeza sukulu yaikuru ya atsikana pafupi ndi Lilongwe. Anthu anacotsedwa pa minda yawo, mwala wa maziko unaikidwa pamaso pa ojambula, ndipo mu 2011 kunamveka kuti madola 3.8 miliyoni atha koma sukulu palibe. Kunena cilungamo, pambuyo pace bungwelo linamanga zipinda zophunziriramo ku Kasungu, ndipo mu 2017 linatsegula cipatala ca opaleshoni ya ana pa Queen Elizabeth ku Blantyre, cimene capulumutsa ana ambiri. Zimenezo asazikane munthu.

Koma m'caka comweco ca 2006, m'boma lomwelo la Mchinji, munayambika cinthu cina cimene ojambula aja anacidutsa osaciona. Boma la Malawi linayamba kuyesa kupatsa ndarama pang'ono mwezi ndi mwezi kwa mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu wogwira nchito, cimene pambuyo pace cinachedwa Mtukula Pakhomo. Zambia inali itayamba kale zotere ku Kalomo mu 2003. Osankha mabanjawo anali makomiti a anthu a m'midzi momwemo, amene amadziwa nyumba imene utsi sufuka madzulo. Njira imeneyi iri ndi zirema zace: pena mkuru wa komiti amalembetsa mlamu wace, pena ndarama zimacedwa miyezi. Koma cinyengo ca mtundu umenewo mudzi umaciona, ndipo umakhoza kukacinena pa bwalo la mfumu. Wosankha nkhope ali ku London sangaitanidwe pa bwalo liri lonse.

Nawonso eni malondawo anayamba kucita manyazi. Ophunzira a ku Norway a bungwe la SAIH mu 2012 anapanga kanema wacipongwe, woonetsa anthu a mu Africa akusonkha zotenthetsera m'nyumba kuti apulumutse azungu ozizidwa a ku Norway; ndipo mu 2017 anapereka mphoto yawo yonyoza kwa kanema wa Comic Relief woonetsa woyimba Ed Sheeran pakati pa ana a m'miseu ku Liberia. Mu 2019 Stacey Dooley, mkazi wa pa kanema wa BBC, anajambulitsa atanyamula mwana wa ku Uganda, ndipo phungu wa nyumba ya malamulo David Lammy anadzudzula poyera. Mu October 2020 Comic Relief inalengeza kuti yaleka kutumiza anthu ochuka ku Africa, ndi kuti idzapatsa nchitoyo ojambula a kuno konkuno. Zinawatengera zaka 35 kuti amve cimene nkhalamba iri yonse ya pa Kavalamanja ikanawauza pa tsiku loyamba, akanakhala pansi pa mphasa ndi kufunsa.

Komatu kusintha dzanja logwira kamera sikusintha diso. Wojambula wa ku Lusaka kapena ku Blantyre nayenso amadziwa nkhope imene imalipira, ndipo lero ali yense wokhala ndi foni akhoza kujambula mwana wa mnansi wace ndi kumuika pa Facebook pamodzi ndi nambala yotumizira ndarama. Apa ndi pamene nkhaniyi ikhudza anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu. Mlendo wa bungwe akafika pa mudzi sadziwa Cinyanja, Cinsenga kapena Cikunda, sadziwa njira, sadziwa nyumba. Amafuna womasulira, ndipo womasulirayo ndi wophunzira wa pa mudzipo, amene amakondwa kulandira ndarama za tsiku limodzi ndi kukwera galimoto yoyera. Mlendoyo amamuuza mwaulemu kuti afuna mwana wabwino wa zaka zinai kapena zisanu, wosacita manyazi. Cala cimene cimaloza mwanayo ndi kudumpha khomo la agogo osaona si ca mzungu ai. Ndi ca mdzukulu wa agogo omwewo, amene anaphunzira Cingelezi ndi ndarama za nsomba zimene iwo anayanika.

Womasulira wotere ali ndi mphamvu yoposa imene amadziyesa nayo, pakuti mlendo amapita kumene watsogozedwa ndipo amamva cimene wamasuliridwa. Akhoza kuyamba wafikitsa alendowo kwa mfumu ndi kwa komiti ya mudzi. Akhoza kuwauza makolo m'cinenero cao kuti cithunzi ca mwana wao cidzaonedwa ndi anthu a maiko ambiri kwa zaka zambiri, ndi kuti ali ndi ufulu wokana osataya thandizo. Akhoza kufunsa mlendo, anthu onse akumva, kuti ndarama zobwera ndi cithunzico zidzagula ciani ndipo zidzafika mwezi uti, ndi kulemba yankholo m'buku la sukulu, pamodzi ndi tsiku ndi dzina la bungwe, ndi kulisiya m'manja mwa anyakwawa.