Nkhuku ya M'thumba ndi Nkhuku ya mu Uvuni: Njira Yoyenera Ophika a kwa Ngokwe

Pakati pa akatswiri a zophika a ku Ulaya ndi ku America pali mkangano wa zaka zambiri wokhudza kaphikidwe ka nkhuku, ndipo mbali ziwiri zimene zimakokana kwambiri ndi ya okhulupirira uvuni ndi ya otamanda njira yotchedwa sous vide. Njira yachiwiriyi, imene inatchuka ku France kuyambira mu 1974 pamene wophika wina, Georges Pralus, anayamba kuigwiritsa ntchito pa lesitilanti ya Troisgros mumzinda wa Roanne, imafuna kuti nyama iikidwe m'thumba la pulasitiki lochotsedwa mpweya, kenako thumbalo limizidwe m'madzi otentha koma osawira, amene makina amagetsi amawasunga pa mlingo umodzi kwa maola angapo. Mkanganowu ukafika kwa Ngokwe, dera la m'boma la Machinga loyandikana ndi nyanja ya Chiuta ndi malire a Mozambique, kapena m'midzi ya ku Balaka, umasintha nkhope, chifukwa nkhuku yake, moto wake ndiponso ndiwo imene odya nsima amayembekezera n'zosiyana ndi za kumene unabadwira.

Otamanda sous vide ali ndi mfundo yomveka. Mnofu wa nkhuku ukatentha kupitirira madigiri 65 umayamba kukhwinyata ndi kufinya madzi ake, ndipo n'chifukwa chake chidali, chimene chilibe mafuta ambiri, chimatuluka mu uvuni chili chouma. Uvuni umatenthetsedwa kufika madigiri 180 kapena 200 pofuna kuti m'kati mwa nyama mufike madigiri 74, mlingo umene umapha nthawi yomweyo tizilombo ta Salmonella toyambitsa kutsegula m'mimba, koma m'kati mukamafika pamenepo kunja kumakhala kutapyola kale. M'thumba nyama singathe kutentha kuposa madzi amene yamizidwamo, choncho wophika akasankha madigiri 63 nyama yonse imaima pomwepo. Tizilombo timafabe, chifukwa chimene chimatipha ndi kutentha pamodzi ndi nthawi: pa madigiri 60 pamafunika pafupifupi theka la ola nyama itafika kale pa mlingowo mpaka m'kati.

Uvuni nawo uli ndi chimene madzi sangapereke. Fungo la nyama yootcha ndi khungu lofiirira zimachokera ku kusintha kumene kumachitika zomanga thupi ndi shuga wa m'nyama zikakumana pa kutentha kopitirira madigiri 140, ndipo kusinthaku kunafotokozedwa ndi wasayansi wa ku France, Louis-Camille Maillard, mu 1912. Nkhuku yochoka m'thumba imakhala yotuwa, khungu lake lili lonyowa, moti wophika amayenera kuikazinganso kapena kuiotcha pang'ono kuti ioneke ngati chakudya. Komanso uvuni si chinthu chachilendo kumudzi, pakuti amayi amene amaphika chigumu poika makala pansi pa mphika ndi ena pamwamba pa lata lovundikira, kapena amene amaotcha masikono mu uvuni wa njerwa kapena wa mgolo, amadziwa kale kasamalidwe ka moto wouma wozungulira chakudya mbali zonse.

Nkhani yaikulu, imene mabuku ambiri akunja saiganizira, ili pa mtundu wa nkhuku. Malangizo a sous vide ndi a uvuni omwe amalembedwa poganizira nkhuku zoyera za pafamu, zimene zimaphedwa zili ndi masabata pafupifupi 6, mnofu wake usanakhwime. Nkhuku yachikuda ya kwa Ngokwe imadzisakira yokha chakudya pabwalo ndi m'munda, imakhala miyezi yambiri kapena kupitirira chaka isanaphedwe, ndipo ntchafu ndi miyendo yake zimadzala ndi kolajeni, umene ndi ulusi wolimba womanga minofu ndi mitsempha. Ulusi umenewu umasungunuka pang'onopang'ono nyama ikakhala nthawi yaitali pa moto wodekha muli chinyezi, ndipo ukasungunuka ndiwo umakhuthalitsa msuzi. Tambala wachikuda akaikidwa mu uvuni wotentha kwa ola limodzi amauma asanafewe, ndipo ngakhale nkhuku za Mikolongwe, zimene boma lakhala likufalitsa m'midzi kuti zikweze mtundu wa nkhuku zachikuda, zikakulira pabwalo zimalimba chimodzimodzi. Apa maganizo a sous vide ndiwo akupambana, koma pafunika kunena mosabisa kuti mphika wa m'mudzi unawadziwa kalekale. Mayi amene amawiritsa nkhuku pa moto wochepa mphika uli wovundikira mpaka madzi ataphwera, kenako n'kuikazinga m'mafuta ake omwe ndi anyezi ndi tomato, amachita zinthu ziwiri zomwezo zimene wophika wa sous vide amachita ndi makina, ndipo amatsala ndi msuzi wokwanira banja lonse, chinthu chimene thumba ndi uvuni womwe sizipereka mokwanira. Kwa anthu amene nkhuku imodzi imagawidwa kwa odya asanu ndi atatu, msuzi ndi theka la ndiwo.

Zipangizo za sous vide zilinso ndi zoopsa zimene wozitamanda sayenera kuzibisa. Njirayi imayenda m'mphepete mwa mlingo umene tizilombo timaswana, kotero kuti magetsi akazima pakati pa kuphika, madzi n'kutsika pansi pa madigiri 55 kwa maola angapo, nyama ya m'thumba lopanda mpweya imasanduka malo abwino a tizilombo, kuphatikizapo Clostridium botulinum, kachilombo kamene kamakula kumene kulibe mpweya ndipo poizoni wake amatha kupha. Mabanja ambiri a kwa Ngokwe alibe magetsi a ESCOM, ndipo ngakhale m'matauni a Liwonde ndi Balaka anthu akukumbukira kuzimazima kumene kunatsatira namondwe wa Ana mu Januwale 2022, ataononga malo opangira magetsi a Kapichira ndi kuchotsa mamegawati pafupifupi 130. Thumba lenilenilo liyenera kukhala la pulasitiki wopangidwira chakudya chotentha. Majumbo opyapyala a pamsika, amene boma linaletsa mu 2015 ngati kukhuthala kwake sikufika mamaikiloni 60, ndipo Khoti la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, si oyenera kuphikiramo chilichonse.

Uvuni uli ndi mlandu wina, wa nkhuni. Kutenthetsa njerwa kuti muphikidwe nkhuku imodzi n'kusakaza mitengo m'boma la Machinga, limene nkhalango yake ya Liwonde yavutika kale ndi ootcha makala. Uvuni umapindula paukwati, pa Idi kapena pa Khirisimasi, pamene nkhuku zoyera zambiri zimalowa nthawi imodzi. Pa masiku wamba pali njira yapakati imene ikuyenera kuphunzitsidwa kwambiri, ya dengu losunga kutentha: mphika umawiritsidwa bwino pa chitetezo mbaula, kenako umakwiriridwa m'dengu loyalidwa nsalu, thonje kapena udzu wouma, ndipo nyama imapitiriza kufewa popanda nkhuni zina. Popeza mphika umayamba wawira, tizilombo tambiri timakhala titafa kale, ndipo chotsala n'kuuwiritsanso ukachoka m'dengu ngati wakhalamo nthawi yaitali.

Poyeza zonsezi, sous vide ikuyenera malo ogona alendo ndi malesitilanti amene ali ndi magetsi osazima, filiji ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa nyama, makamaka pophika chidali cha nkhuku yoyera. Uvuni ukuyenera nkhuku zoyera zophikidwa zambiri patsiku la chikondwerero. Banja la kwa Ngokwe kapena la ku Balaka limene lapha nkhuku yachikuda lipitirize kuiphika mumphika wovundikira pa moto wodekha, n'kuikazinga pamapeto, ndipo alangizi a zakudya achite khama kufikitsa dengu losunga kutentha m'makhitchini a mabanja amenewa.