Maselo Nawonso Amatengera Kumene Aleredwa

Pakati pa zodabwitsa zimene akatswiri a sayansi adatulukira m'zaka zapitazi, n'zochepa zimene zidautsa chiyembekezo cha odwala koposa maselo otchedwa stem cells, amene, pokhala asanalandire ntchito yawo m'thupi, angathe kusanduka mnofu wa mtima, kapena minyewa ya muubongo, kapena khungu, monga momwe wowasamala angawatsogolere. James Thomson wa ku University of Wisconsin ndiye adayamba, m'chaka cha 1998, kutenga maselo otere m'miluza ya anthu ya masiku owerengeka ndi kuwasunga amoyo m'timbale ta m'labotale. Ndipo mu 2007 Shinya Yamanaka wa ku Kyoto adaonetsa kuti ngakhale selo la pakhungu la munthu wamkulu lingathe kubwezedwa ku ubwana wake mwa kulilowetsa majini anayi okha. Chiyambire pamenepo manyuzipepala saleka kulonjeza machiritso. Koma ine ndinena kuti amene afuna kuweruza nkhani zimenezi molungama ayambe wafunsa funso lonyozeka, limene atolankhani alidumpha kawirikawiri: kodi maselowo adaleredwa motani, ndipo m'nyumba ya yani?

Selo la munthu lisunga majini pafupifupi 20,000 opangira mapuloteni, koma siliwagwiritsa ntchito onse pamodzi. Ena ali maso, ena ali m'tulo, ndipo chosiyanitsa selo la chiwindi ndi la diso ndicho majini amene lirilonse ladzutsa ndi amene lagoneka, pakuti cholowa chawo ndi chimodzi. Tsono kudzuka ndi kugona kumeneku kumamvera zonse zozinga selolo: chakudya chake, mpweya wake, pogona pake, kuthithikana kwake ndi anzake, ngakhalenso dzanja la wantchito amene patapita masiku angapo amawang'amba maselowo ndi kuwasamutsira m'mbale zatsopano.

Taonani chimene chidachitika. Mu 2009 akatswiri a ku University of California ku Los Angeles adalengeza kuti maselo opangidwa mwa njira ya Yamanaka ali ndi chizindikiro chawochawo cha majini odzuka, chowasiyanitsa ndi maselo a m'mluza. Ndipo nkhaniyi idali yolemera, chifukwa ngati maselo atsopanowo sadali ofanana kwenikweni ndi akalewo, ndiye kuti chiyembekezo chochiza anthu popanda kuononga miluza chidali pamchenga. Chaka chotsatira, Aaron Newman ndi James Cooper a ku Santa Barbara, osakhudza mbale ndi imodzi yomwe, adasonkhanitsa pakompyuta zimene malabotale osiyanasiyana adali atasindikiza kale, naziika pamzere kuti aone selo liti lifanana ndi liti. Maselowo adadzigawa m'magulu monga mwa labotale imene adakuliramo. Zidali ngati ana a mimba imodzi amene, wina ataleredwa kwa amalume ake kumudzi ndi wina kwa azakhali ake kutauni, akumana atakula, wina aliyense atatenga kalankhulidwe ndi kayendedwe ka ana a m'nyumba imene adadyeramo nsima, kotero kuti mlendo sangazindikire kuti adayamwa bere limodzi. Zambiri zimene zidayesedwa chibadwa cha maselo zidali chabe mwambo wa pakhomo.

Za mpweya nazo n'zoyenera kuzilingalira mofatsa. Mpweya umene tipuma uli ndi okosijeni wokwana magawo 21 pa 100 alionse, ndipo ndiwo umene umalowa m'mabokosi ofundira maselo m'malabotale ambiri. Koma mluza, m'masiku ake oyamba m'mimba mwa mayi, ukhala m'malo a okosijeni wochepa kwambiri. Mu 2010 gulu la Rudolf Jaenisch ku Whitehead Institute ku Massachusetts lidalera maselo a miluza yaikazi m'mpweya wa magawo 5 okha, napeza kuti ma chromosome ake awiri a X adakhalabe ogwira ntchito onse, monga zikhalira pachiyambi penipeni. Koma pamene maselo omwewo adakhalitsa m'mpweya wamba, X mmodzi adatsekedwa, osatsegukanso. Taganizani: majini mazanamazana kugonekedwa chifukwa cha mpweya wa m'chipinda basi! Chakudya nachonso chidachititsa manyazi. Maselo oyamba a m'mluza aja ankagonekedwa pamwamba pa maselo a mbewa ndi kumwetsedwa madzi okhala ndi zochokera ku nyama, ndipo mu 2005 Ajit Varki ndi Fred Gage ku San Diego adaonetsa kuti adali atavala mtundu wa shuga wa nyama wotchedwa Neu5Gc, umene thupi la munthu silipanga ndipo chitetezo chake chiuona ngati mdani. Nchifukwa chake labotale ya Thomson idavutikira kupungula zosakaniza kufikira mu 2011 idatulutsa chakudya cha zinthu zisanu ndi zitatu zokha, chotchedwa E8.

Choopsa choposa ndi ichi, kuti m'mbale mumakhala mpikisano, ndipo selo limene lachita ngozi m'majini ake nilikula msanga lilanda malo a anzake ofatsa, wantchito namakondwera kuti mbeu yake yachita bwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Peter Andrews ndi anzake ku Sheffield adaona mu 2004 kuti maselo osungidwa nthawi yaitali amaonjezera zigawo za ma chromosome 12 ndi 17. Ndipo mu 2017 akatswiri a ku Harvard, atasanthula mitundu 140 ya maselo a m'mluza, adapeza isanu ili ndi chilema pa jini ya TP53, yomwe ikaonongeka imatsegulira khansa chitseko. Ku Kobe, m'dziko la Japan, Masayo Takahashi adaika m'diso la mayi wina wokalamba maselo opangidwa mwa njira ya Yamanaka mu 2014, koma wodwala wachiwiri sadamuchite opaleshoni, popeza m'maselo amene adamukonzera mudapezeka zosintha m'majini. Ndiyesa kuti kudziletsa kumeneku kuyenera ulemu woposa opaleshoni yoyambayo. Ndipo pamene anthu odziwa chonchi ayenda monyang'ama, ndidabwa ndi kulimba mtima kwa awo amene amatsatsa pa WhatsApp timapaketi ta ufa tolembedwa stem cell, nalonjeza kuchiza shuga, nyamakazi ndi kusabereka pamodzi.

Sindinena izi kuti ndipeputse sayansi, pakuti amene adavumbula zofooka zonsezi ndi asayansi omwewo, podzudzulana poyera. Chimene ndipempha ndi chakuti aliyense wosindikiza za majini a maselo amenewa alembe, mopanda kubisa kanthu, chakudya chimene adawapatsa, mlingo wa okosijeni, pogona pake, ndi kuti adawasamutsa kangati. Ndiponso kuti chopezedwa m'labotale imodzi chisatchedwe choonadi cha thupi la munthu kufikira chitaonekanso m'manja mwa ena, m'dziko lina, ndi maselo a anthu a mitundu ina. Alipo amene ati mankhwala a vutoli ndiwo kuti malabotale onse atsate njira imodzi, chakudya chimodzi, mpweya umodzi. Ndipo n'zoona kuti potero zopeza zawo zidzagwirizana. Koma pamenepa ndichita mantha pang'ono, chifukwa mboni makumi anai zingathe kuvomerezana pa chinthu cholakwika ngati zonse zidaima malo amodzi. Njira imene ingasankhidwe kaamba ka kuphweka kwake ingakhale ya mpweya wamba uja wa magawo 21, popeza kutsitsa okosijeni kufuna mabokosi odula ndi masilinda a nayitirojeni osatha. Ndipo zikatero malabotale onse a dziko lapansi angamalembe mogwirizana za selo limene m'thupi la munthu mulibe.