Mukafika ku Joni, yambani mwauona mzindawo

Abale athu a ku Angónia, Tsangano, Moatize ndi Macanga, mwezi sutha wopanda mnyamata kapena mayi wa m'midzi yathu kukwera basi ya ku Joni. Ena amapita kukapikula katundu, ena kukaona abale, ena kukafuna ganyu. Potsanzikana timawalangiza za ndalama, za akuba ndi za mowa. Koma lilipo langizo limodzi limene sitipereka, ndipo ndilo ndafuna tikambirane lero. Munthu akafika mumzinda wa eni, apatule masiku awiri kapena atatu oyamba kuti auone mzindawo. Ambiri amati zimenezo ndi za azungu oyenda ndi makamera. Ine ndikuti ndi njira yodzitetezera, ndiponso ndi sukulu.

Tiyambe ndi ulendo weniweniwo. Kuchokera pa Zóbuè kukafika ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,600. Mabasi a ku Blantyre amalowera pa Zóbuè, ena a ku Lilongwe amalowera pa Calómuè n'kudutsa mu Angónia. Onsewo amawoloka Zambezi pa Tete n'kukatulukira pa Cuchamano. Tsidya lake ndi Nyamapanda, dziko la Zimbabwe. Kuchoka apo ndi Harare, Masvingo, kenaka Beitbridge pa mtsinje wa Limpopo. Mukawoloka pamenepo mwalowa mu South Africa: Musina, Polokwane, Pretoria, mpaka pakati pa Joni, pa Park Station kapena pafupi pake. Ulendo ukayenda bwino ndi tsiku ndi theka. Nyengo ya Khirisimasi ndi Pasaka mzere wa pa Beitbridge umatalika, ndipo masiku awiri amakwana.

Taganizirani munthu wotsika m'basi imeneyo. Miyendo yatupa, tulo sanagone, m'thumba muli mametikali, madola ndi marandi ndipo mutu sukuwerengera bwino. Zinenero zomuzungulira ndi Chizulu, Chisutu ndi Chingerezi, pamene iye kusukulu anaphunzira Chipwitikizi. Munthu wotereyu ndiye amene akathyali a pasiteshoni amamudikira. Akavomera ntchito tsiku lomwelo, kapena kupereka ndalama ya chipinda chimene sanachione, amalira mawa lake. Ntchito yoyamba pofika ndiyo kusamba, kudya ndi kugona. Yachiwiri, kusuzumira m'pasipoti. Kuyambira 2005 ife a ku Moçambique sitifunika viza pa ulendo waufupi wa ku South Africa, koma masiku amene mwapatsidwa amalembedwa pachidindo cha pamalire. Malamulo a 2014 amati wopitiriza masikuwo atha kuletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu.

Tsiku lotsatira, tulukani ndi mbale amene wakulandirani, masana dzuwa likuswa mtengo. Uku ndiko kuona mzinda koyamba, ndipo n'kwa mwendo. Dziwani kumene minibasi za kwanu zimakwerera, pakuti ku Joni saziimitsa ndi pakamwa ngati chapa ya kwathu. Amaimitsa ndi zala: chala choloza m'mwamba ndiye kuti mukupita m'tauni, choloza pansi ndiye kuti mukutsikira pafupi. Onani kumene kuli chipatala, polisi ndi ofesi ya konsulado ya dziko lathu. Funsani misewu imene eni ake sayendamo kukada. Akulu anati safunsa anadya phula.

Poyendapo yang'ananinso nyumba zimene anthu akugonamo. Mu Ogasiti 2023 nyumba yosanja ya Usindiso, ku Marshalltown pakati pa mzindawo, inapsa usiku n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo alendo ochokera m'maiko ena. M'katimo anthu anali atagawa zipinda ndi matabwa, ndipo potulukira panali potseka. Amene wayendako ndi kuyerekeza malo angapo amatha kukana chipinda chotere. Amene watsika m'basi n'kulowetsedwa momwemo amayesa kuti Joni yense ndi wotero.

Tsono pali kuona kwachiwiri, kumene ndikukhulupirira kuti kumatikhudza ife koposa mzungu aliyense wa kamera. Mzinda umenewu unayamba mu 1886, atapeza golide. Amene anakumba golideyo ndi anthu akuda ochokera kutali, ndipo a ku Moçambique anali m'gulu la ochuluka kwambiri. Mu 1975 anali oposa 100,000 m'migodi ya kumeneko. Bungwe la Wenela linkalemba anthu makamaka kummwera kwa mtsinje wa Save, koma ndi kwathu kuno komwe amuna ankanyamuka, ena kudzera ku Nyasaland, ena kudzera ku Rhodesia. Mudzi uliwonse uli ndi nkhani ya agogo amene anabwerako ndi njinga, bulangete ndi chifuwa chosatha, kapena ya matchona amene sanabwerenso. Milu ya dothi lachikasu imene muione m'mbali mwa mzindawo ndi dothi limene manja awo anatulutsa pansi.

Ku Newtown, pafupi ndi Park Station mukawoloka mlatho wa Nelson Mandela, yasungidwa komponi ina yomangidwa mu 1913, mmene munkagona antchito a mzinda. Mabedi ake ndi a simenti, osanjikizana, ndipo amuna ankakhalamo opanda akazi awo ndi ana. Mukaima m'chipinda chimenecho mudzamvetsa chifukwa chake agogo ena sankafuna kusimba za ku Joni. Pa Constitution Hill pali ndende yakale imene Gandhi ndi Mandela anatsekeredwamo, ndipo kuyambira 2004 khoti lalikulu loteteza malamulo a dzikolo likugwirira ntchito pamalo omwewo. Ku Apartheid Museum, imene inatsegulidwa mu 2001, tikiti imakuuzani khomo lolowera, la azungu kapena la anthu osakhala azungu, kuti mulawe pang'ono mmene tsankho linkakhalira.

Ku Soweto mumafikako ndi minibasi kapena basi ya Rea Vaya. Mumsewu wa Vilakazi muli nyumba yaing'ono ya njerwa, nambala 8115, mmene munkakhala Mandela, yemwe mu 1998 anadzakhala mkamwini wathu pokwatira mayi Graça Machel. Chapafupi pali chikumbutso cha Hector Pieterson, mwana wa sukulu amene apolisi anamuwombera pa 16 Juni 1976. Mnyamata wa kwathu amene waona malo amenewa amayamba kuwamvetsa eni dziko, mkwiyo wawo ndi kunyada kwawo. Amadziwanso kuti iye si mlendo wopanda mbiri mumzindawo.

Ndikudziwa zimene ena munene. Mudzati ndalama ya ulendo tinachita kugulitsa mbatata ndi mbuzi, sitingaimwaze poona nyumba zakale. Zoona, m'malo ena amalipiritsa pakhomo, ndipo ndi bwino kufunsiratu mtengo ndi masiku otsegulira. Koma kuwoloka mlatho, kuyenda mumsewu wa Vilakazi ndi kuima pa chikumbutso cha panja sikulira kanthu kupatula ya minibasi. Ndalama imene imatayika mwa kusadziwa njira, kusadziwa mitengo ndi kukhulupirira munthu woyamba kukumwetulirani ndi yambiri kuposa imeneyo.

Ena mudzati kunja kukuopsa. Mantha amenewo ali ndi chifukwa. Mu Meyi 2008 chipolowe cholimbana ndi alendo chinapha anthu oposa 60 m'dzikomo, ndipo abale athu zikwizikwi anathawira kuno. Zinachitikanso mu 2015 ndi 2019. Komabe kudzitsekera m'chipinda sikuteteza munthu. Tsiku la mavuto amene amapulumuka msanga ndi uja amadziwa njira ziwiri zotulukira m'dera lake, amadziwa kokwerera, ndipo ali ndi mnansi mmodzi wa m'dzikomo womudziwa dzina.

Choncho pempho langa likupita kwa inu amene muli kale ku Joni. Mukalandira mphwanu kapena mlongo wanu, musamuthamangitsire kuganyu m'mawa mwake. Mupatseni tsiku lanu limodzi, muyende naye. Inu makolo, powerengera ndalama ya ulendo ikanipo ya masiku atatu amenewa monga mmene mumaikira ya kamba wa panjira. Ndipo inu apaulendo, mukanyamuka mu Juni kapena Julaye tengani jekete lochindikala, pakuti Joni ali pamtunda ndipo chisanu chake sichichepera cha ku Tsangano. Pobwerako musatibweretsere mawilesi ndi nsapato zokha. Tidzakufunsani zimene munaona, kuti wonyamuka pambuyo panu adzapite akudziwa.