Woimbira ayang'ane majombo mpira usanayambe

Zokolola zikalowa m'nkhokwe, mabwalo a mpira ku Angónia, Tsangano ndi Zóbuè amadzaza Lamulungu lililonse. Koma abale anga, pali ntchito imodzi imene oimbira athu ambiri amaidumpha, ndiyo kuyang'ana zimene osewera avala wenzulo asanalire.

Lamulo lachinayi la mpira wa miyendo silibisa mawu. Wosewera asavale chinthu chimene chingavulaze iye mwini kapena mnzake. Mphete, chibangili, mkanda wa m'khosi ndi ndolo nzoletsedwa, ndipo kuzimata ndi pulasitala sikuloledwa. Woimbira akaziona mpira uli mkati amuuze wosewerayo avule. Zikakanika, atuluke m'bwalo mpira ukangoima, ndipo asalowenso popanda chilolezo cha woimbira. Wokana kumvera, kapena wovalanso mobisa, aonetsedwe khadi yachikasu. Zotchinga msongolo nazo zinakhala lamulo kuyambira 1990.

Kumudzi kuno vuto lenileni si mphete. Ndi majombo akale amene timano take tapansi tinatha, mwini wake nkukakhomera misomali m'malo mwake. Kenaka munthu wotere alimbirana mpira ndi mnyamata wopanda nsapato!

Ena adzati lamulo lomwelo limafuna kuti aliyense avale nsapato, nanga bwanji osatulutsanso opanda nsapatowo? Ine ndikuti ayi. Tikatero matimu ena sakwana anthu. Wopanda nsapato waika pangozi phazi lake lomwe, pamene wa misomali waika pangozi mwendo wa mwana wa mnzake. Mwendo umenewo ndi womwe umapalasa njinga ya kachewere kupita kumsika, ndipo ukang'ambika chipatala sichili pafupi.

Nthawi yoyang'ana ndi mpira usanayambe. Matimu onse awiri aime pamzere, makaputeni ali pomwepo, aliyense atukule phazi. Mphindi zisanu zakwana. Woimbira akadikira mpaka timu imene yamwa chigoli idandaule, nkutulutsa wosewera pamenepo, ochemerera amati wadya ndalama, ndipo miyala imayamba kuuluka. Mafumu ndi akuluakulu a matimu aziima naye pamzerepo, chifukwa nthawi zambiri woimbirayo ndi mnyamata wa m'mudzi momwemo, ndipo wa misomaliyo mwina ndi mlamu wake.

Za zithumwa zomanga m'chiuno sindilowamo, woimbira si sing'anga. Koma chikakhala cholimba ndipo chili pamkono kapena m'khosi, chivulidwe monga mphete.