Nthano za agogo zifunika zithunzi za ana omwe

Pamene Jacob ndi Wilhelm Grimm anasindikiza nthano za ku Germany mu 1812, bukulo linalibe zithunzi, ndipo silinayende malonda. Mu 1825 anatulutsa buku laling'ono la nthano 50, momwe mng'ono wawo Ludwig Emil Grimm anaikamo zithunzi 7. Iye ankapaka phula pa chipepala cha mkuwa, n'kulembapo ndi singano. Asidi ankadya mizereyo, inki n'kutsalira m'menemo, kenako ankadinda pa pepala. Buku limenelo ndilo linafika m'manja mwa ana.

Ife kuno ku Insaca tilibe mkuwa kapena makina osindikizira, koma tikukhulupirira kuti si bwino kudikira. Maphunziro a zinenero ziwiri anayesedwa m'Chinyanja ku Tete kuyambira 1993, nayamba kufalikira m'dziko mu 2003, komabe zowerenga za mwana woyamba sukulu n'zochepa. Chinangwa chilipo. Chiduleni pakati, mwana ajambulepo Kalulu, inu museme ndi mpeni, achiviike mu mwaye wosakaniza ndi phala lamadzimadzi, adinde. Pansi pake alembe chiganizo chimodzi cha nthano imene agogo ake anamusimbira madzulo. Chidindo chimodzi chitha kukwanira kalasi yonse chisanafote.

Ena adzati uku n'kusewera pa nthawi yofunika Chipwitikizi. Ife tikutsutsa. Chidindo chimatembenuza zinthu: mukasema b, pa pepala pamatuluka d. Mwana amene wadabwa nazo ndi maso ake savutikanso kusiyanitsa zilembo ziwirizi, m'chinenero chilichonse.

Pamene tiyenera kusamala m'pa mawu. Wilhelm Grimm anapitiriza kusalaza nthanozo mpaka kope lomaliza la 1857, ndipo zambiri zinatalikirana ndi pakamwa pa ozisimba. Komatu nthano ya msodzi ndi mkazi wake anaisiya m'kalankhulidwe ka kumpoto kwa dzikolo, kosiyana ndi Chijeremani cha m'mabuku, ndipo mpaka lero imadziwika momwemo. Nafenso tili ndi asodzi pa Chiuta ndi pa Chirwa, amene Chinyanja chawo chimayenda limodzi ndi mawu a Chiyao ndi Chilomwe. Mwana akalemba dzina la nsomba monga alitchulira kwawo, musafulumire ndi cholembera chofiira. Mufunseni kuti nsombayo imaoneka bwanji, n'kumupatsa chinangwa china.